Chokhala Pamwamba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi
pamene anandipereka kwa Fraji mlembi,
m'kanjira kopapatiza pa chilumba cha Djerba,
kumene makoma amapakidwa laimu chaka ndi chaka
ndipo mphepo imanunkha mchere.

Ntchito yanga yoyamba inali kupukuta fumbi.
Ndinasanja mabuku mmene anandikomera,
lalikulu pansi, laling'ono pamwamba.
Fraji sanakalipe.
Anadzuka, zala zili bii ndi inki,
natsitsa buku la aneneri,
nakweza la Chilamulo.
"Aneneri amasenza Chilamulo, mwana iwe.
Chilamulo sichisenza aneneri."

Komatu ndinkamuona pa Sabata.
Aneneri akamawerengedwa
misozi inkasochera m'ndevu zake.
Malamulo a nkhungu ya pakhoma ndi miyezo ya ufa
sankamuliza.
Ndinamufunsa: nanga okoma pakamwa akhaliranji pansi?
Iye anati, "Nola bango."

Kenako kunadza chilala.
Zitsime zinatsala matope,
mitengo ya azitona inayoyola masamba.
Amalume anga a Makhlouf, osula siliva,
anaimirira m'sunagoge milomo ikunjenjemera:
ndalota, Lachitatu igwa.
Lachitatu inagwadi.
Akazi anathamanga ndi mitsuko,
ife ana tinayasama kukamwa kuloza kumwamba,
ndipo wina anapsompsona mkanjo wa amalume.

Patapita milungu iwiri analotanso.
Liwu lomwe lija, iwo anatero, landiuza kuti nthawi yakwana,
Sabata lamasulidwa,
yatsani moto, tsegulani masitolo.

Anthu anadzaza pakhomo pa Fraji.
Sanadzutse mutu mpaka mzere utatha.
Mawu aliwonse ankayamba wawaona mumpukutu wakale,
n'kuwatchula mokweza, n'kuwalemba,
chonsecho ankawadziwa ngati dzina lake.
Atapukuta bango anati:
"Mvula ndinaiona. Inadontha ndi padenga langa.
Koma mneneri ndi wotumidwa kukakumbutsa ngongole,
sanapatsidwe mpeni wopalira chiwerengero.
Wina akabwera kunena kuti bwererani ku zimene munataya,
ndidzamupatsa mpando wangawu.
Akati tayani zimene munalandira,
ngakhale atagwetsa mvula ya chaka chonse,
ndimufunsa chimodzi:
zalembedwa pati?"

Panalibe woyankha.
Panja bulu analira, anthu n'kumwazikana.

Loweruka limenelo amalume anayatsa moto okha.
Utsi unakwera woonda, wowongoka,
pamwamba pa madenga onse ozizira.
Amayi anatseka zenera.
Ndinawamva akulira chamumtima kuseri kwa chitseko,
koma kutacha anakulunga buledi munsalu
nandituma: kapereke kwa mlongo wanga,
usakhalitseko.

Ndinawapeza atakhala pafupi ndi phulusa.
Anandifunsa ngati ndinanyowa nawo Lachitatu lija.
Ndinati inde.
Anagwedeza mutu, ngati ndawalipira kanthu.

Lero ndapitirira zaka zimene Fraji anafika.
Ndalemba mipukutu isanu ndi inayi,
ndaisoka ndi mitsempha,
ndipo mulibe chilembo ngakhale chimodzi chochokera mwa ine.
Ena amati umenewo ndi umphawi.
Mwina.
Nanenso ndimalota, maloto ena omveka ngati belu,
ndimadzuka mtima ukugunda,
mawu atsopano ali pa lilime.
Ndimasamba m'manja, n'kutsegula mpukutu wakale,
n'kuwayeza pamenepo monga amalume ankayezera siliva.
Ambiri amapepuka.
Otsalawo ndimapeza kuti analimo kale.

Za mvula ija sindinazimvetsebe.
Inagwa. Ndinaimwa.

Ndili ndi kamnyamata kondipukutira fumbi,
mdzukulu wa wogulitsa nsomba.
Dzulo kanasanja mabuku mmene anakakomera,
lalikulu pansi, laling'ono pamwamba.
Mawondo anga safunanso kudzukadzuka.
Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo,
n'kuimirira.